Kiyi Anali M'chikwama Mwanga

Ena mukawerenga muziti ndikukokomeza, koma izi zinandichitikira ineyo kuno ku Nairobi, ndipo mpaka lero ngakhale azichimwene anga kumudzi sindinawauzeko.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku South C ndi amayi anga, omwe ndinawatenga ku Malawi kuti adzaonane ndi madokotala chifukwa mutu unali utayamba kuwasokonekera. Tsiku lina anatuluka n'kusochera, tinakawapeza pa Mombasa Road akufunsa anthu m'Chichewa njira ya kuchigayo. Kuyambira pamenepo ndikamapita kuntchito ndinkawatsekera m'nyumba ndi loko, kiyi n'kuponya m'chikwama. Inuyo mukanatani?

Lachisanu lina a kuofesi kwathu ku Westlands anatitenga kukaona malo osungirako zinthu zakale za ozimitsa moto, ati tiphunzireko. Kanali kachipinda chabe konunkha fumbi, muli zipewa zachitsulo, mapaipi ong'ambika, belu, panja pali chigalimoto chofiira chopanda matayala. Ine zoterezi sizindisangalatsa, ndinkangoyasamula. Wotionetsa anali bambo wachikulire amene anagwira ntchitoyo mpaka kupuma, dzanja limodzi lili zipsera zokhazokha. Pomaliza anatiimika pa kabokosi kagalasi momwe munali loko wakuda bii, wopindika, koma wotsekabe. Anati anamudula yekha pachitseko cha nyumba ina, ndipo lokoyo anagwira bwino ntchito yake, palibe analowa, palibenso anatuluka. Mnzathu wina atafunsa kuti m'nyumbamo munali ndani, bamboyo anangoti mwini wake anali atapita kumsika ndi kiyi.

Ndinapisa dzanja m'chikwama, kiyi wanga ndinamukhudza. Mukuganiza kuti ndinathamanga? Ayi ndithu. Ndinajambulitsa nawo chithunzi nditavala chipewa, ndinamwa tiyi amene anatipatsa, nthabwala za abwana ndinasekanso. Foni ndinaitulutsa titakwera kale galimoto, n'kupeza kuti mayi woyandikana nane wakhala akuimba kambirimbiri ine nditaitseka mawu. Uthenga wake unali wakuti ndibwere msanga, kwabuka moto.

Ndinatsika n'kukwera bodaboda, kabaza wa njinga yamoto. Njira yonse ndinkangowerenga zikwangwani za m'mbali mwa msewu, kupemphera kunakanika.

Ndinapeza chitseko chili chotsegula, makoma a kukhitchini atada, pansi pali madzi okhaokha. Amayi ankafuna kutenthetsa madzi osamba, n'kusiya chitenje pafupi ndi gasi. Oyandikana nafe anati miyezi yonseyo ankawamva akulankhula pawindo koma osatolapo kanthu, poti amayi Chiswahili sankadziwa, Chingerezi ndiye musanene. Tsiku limenelo anakuwa liwu limodzi lokha limene kwathu ndi kuno timalitchula mofanana, moto, ndipo mlonda anabwera n'kuthyola loko ndi chitsulo.

Amayiwo anali atakhala pamasitepe, atafunditsidwa nsalu ya eni ake, nsidze zitawauka. Sanandikalipire. Anandiyang'ana ngati mlendo, poti masiku ena sankandizindikira, n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani amayi, mwana wanga akabwera mumuuze kuti ndinagogoda. Mwina sanamve."

Ndinangoti ndimuuza. Misozi sinabwere tsiku limenelo, ndipo kunena zoona sinabwerebe.

Anzanga a kutchalitchi amati Mulungu anandionetsa loko uja kuti andichenjeze. Mwina n'zoona. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti ndinachenjezedwa kiyi ali m'manja, ine n'kukhala pansi kumwa tiyi, ndipo zimenezi zimandiopsa kuposa motowo. Amayi anadzamwalira patapita zaka, ndi matenda awo omwe aja, osadziwa kuti uthenga wawo unafika kwa mwini wake. Inu amene mumatsekera munthu m'nyumba poti mukumuteteza, kaya ndi mwana kaya ndi kholo, chonde muzisiya kiyi kwa woyandikana nanu. Wanga uja akadali m'chikwama, ngakhale loko wake anathyoledwa kalekale.