Chimutu, Mwala wa ku Chawama

Tayala likamapsa, anthu ena amangotseka mphuno n'kudutsa. Ine fungo limenelo limandibweza ku Chawama, mu Lusaka, kuseri kwa kachipinda kamalata komwe atate ankachita lendi, ndipo mtima umandiwawa mpaka lero. Ndinali ndi zaka khumi, mwana wa ku Mchinji amene anali asanadutsepo malire, ndipo tchuthi cha nyengo yozizira chaka chimenecho ndinakachithera kunja kwa dziko. Ndinanyada nazo kusukulu mpaka anzanga anatopa nane.

Atate anapita ku Zambia ine ndikukwawa. Poyamba ankabwera pa Khirisimasi ndi mabulangete a ku fakitale komwe ankagwira ntchito, kenaka kunkangobwera makalata, kenaka zii. Ndiye amayi anandipereka m'manja mwa azakhali, mlongo wawo wa atate, amene ankachita geni yodutsa malire. Anandimangira shuga ndi sopo m'kathumba, ine n'kumaseka kuti munthu angatengere bwanji sopo ku tauni yaikulu. Pokwera basi amayi anandigwira phewa. "Ukabwere nawo atate ako. Iwe akakumvera." Ntchito imene ndinapatsidwa ndi imeneyo, ndipo ndinaisenza ndi mtima wonse.

Kuzizira kwa ku Lusaka n'kwa mtundu wina. Mphepo inkabwera ndi fumbi loyera, milomo n'kung'ambika, miyendo n'kutuwa mbuu. M'mawa komboni yonse inkanunkha utsi wa mbaula, azimayi atathamangira kale kukaima pamzere wa ufa, ena n'kudzabwerako masana chimanjamanja. Sopo uja atate anamulandira ndi manja awiri. Ndi pamene ndinawaona manjawo: ming'alu yokhayokha, chikhadabo chimodzi chakuda bii. Nditafunsa anati ndi makina a ku fakitale. Tsiku lililonse ankamanga tayi n'kutuluka akutsokomola, madzulo n'kubwera tayi ili m'thumba, nsidze zitayera ndi fumbi.

Kuseri kwa nyumba kunali mwala. Ku Chawama miyala imangotumphuka m'nthaka paliponse, koma yambiri inali itatha kale ndi anthu amene ankakhala m'mbali mwa msewu tsiku lonse, kho kho kho ndi nyundo, kugulitsa timiyala kwa omanga nyumba. Waukulu wotsala unali wathuwu. Ana ankautcha Chimutu, chifukwa pamwamba pake unali ndi mphumi yotulukira kunja. Sunali wautali kwenikweni, unkangopitirira denga pang'ono, koma kuti munthu afike pamwamba ankayamba walira.

Amene anandiphunzitsa kukwera ndi Chanda, mwana wa eni nyumba, mtsikana wa msinkhu wanga wakamwa losatopa. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Iwe ka Malawi, ufuna kukwera na dilesi? Uzationesa vinthu." Anandibwereka kabudula wa mchimwene wake. Kwathu masiku amenewo mtsikana kuvala kabudula kunali kudziputira mlandu, ndiye ndinavala maso ali uku ndi uku. Anandionetsa kupaka phulusa la m'mbaula m'manja kuti asaterere, kuyala makatoni ndi masaka pansi, kulowetsa zala ziwiri zokha m'kabowo, kuponda ndi chala chachikulu chakuphazi pomwe maso akuti palibe popondapo. Wina akamakwera, mnzake ankaima kumbuyo manja ali m'mwamba kuti wogwayo asamenyetse mutu. Ndinagwa ine, abale. Mawondo anasupuka, nsonga za zala zinafiira mwakuti madzi ozizira ankandilasa ngati singano.

Madzulo ena tikuotha mbaula ndinawauza atate uthenga wa amayi. Anatembenuza khala ndi kamtengo, kenaka anaseka n'kuloza kuseri. "Tsiku limene udzafike pamwamba pa Chimutu, Nambewe, tidzanyamuka limodzi." Ankakonda kunditchula ndi mfunda choncho, ngati ndine mayi wamkulu. Munthu wamkulu akanadziwa kuti amenewo ndi mawu ongotonthozera mwana. Ine ndinamva lonjezo, ndipo kuyambira tsiku limenelo kukwera mwala kunasiya kukhala masewera.

Lamulungu lina ananditenga kukaona tauni. Tinayenda wapansi, iwo amati kuti ndione bwino zinthu. Ndinaona Cairo Road ndi mitengo yake pakati, njanji, chiboliboli cha munthu akudula maunyolo, ndi nyumba yosanja yaitali kwambiri mwakuti poiyang'ana ndinachita chizungulire. M'masitolo akuluakulu mashelefu anali mbee, pena chinthu chimodzi chokhachokha kuchokera kukhomo mpaka kumapeto. Atate anandigulira zitumbuwa ziwiri, zomwe kumeneko amati vitumbuwa, iwo n'kunena kuti akhuta. Ndinawapempha kuti andionetse fakitale yawo. Analoza chakutali komwe kunali machumuni, n'kunena kuti Lamulungu amatseka, tiyeni tizipita kusanade. Ine nyumba yaitali ija sindinaisirire nthawi yaitali. Ndinkangoyang'ana m'makoma mwake kuti munthu angagwire pati.

Masabata anapita. Ndinkakwera m'mawa zala zili gwaa ndi chisanu, ndinkakwera masana, mpaka amake Chanda ankandikalipira kuti ndawathera phulusa lotsukira mapoto. Pansi ponse ndinapadziwa, chimene chinkandikanika ndi mphumi ija. Pamenepo pankafunika kulendewera ndi dzanja limodzi, kuponya chidendene m'mwamba, n'kudzikoka. Kutatsala masiku asanu kuti tibwerere, chidendene chinakola. Ndinaona pamwamba pa Chimutu ndi maso angawa, tiudzu touma ndi zitosi za nkhunda, kenaka manja anatha mphamvu, ine n'kugwera pa Chanda. Tinaseka mpaka misozi. Madzulo ndinawauza atate kuti mawa asapite kuntchito msanga, adzaone okha, ndipo ayambe kulongedza. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osaseka.

M'mawa mwake chimene chinandidzutsa ndi fungo. Nditatuluka ndinapeza Chimutu uli bii, utazunguliridwa ndi mawaya a matayala opsa, utsi ukadali tolotolo. Umu ndi mmene ophwanya miyala amachitira: amaunjika matayala akutha pamwala, n'kuyatsa, mwalawo ukatentha bwino amauthira madzi ozizira kuti ung'ambike. Atate anali pomwepo, opanda malaya, opanda tayi, chinyundo chili m'manja. Anamenya kawiri, kachitatu mphumi ija inagwa pansi, phii. Kamenyedwe kake kanali ka munthu wozolowera, koma ine zimenezo sindinaziganize. "Mwaopa kuti ndikwera," ndinatero. Iwo anapukuta thukuta ndi mkono. "Lowa m'nyumba, mama. Utsiwu ndi woipa."

Masiku atatu anakhala pansi kuseriko, miyendo tambasu, kho kho kho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chanda anabwera kudzanditenga kuti tikasake mwala wina cha ku komboni ya Misisi, ine ndinakana. Kenaka kunabwera lole, anthu anapakira, ndipo pomwe panali Chimutu panatsala dzenje ndi mwaye. Masiku onsewo sindinawalankhule atate. Akandiitana ndinkayang'ana kukhoma.

Pa siteshoni ya basi anandipatsa nsapato zoyera zansalu, zatsopano, zokulungidwa m'nyuzipepala. Ndinazilandira ndi dzanja limodzi, chinthu chimene amayi akanandimenya nacho khofi. Ndinakhala cha pazenera, azakhali pambali panga. Basi italiza injini, atate anabwera kunja kwa zeneralo n'kugogoda ndi chala chakuda chija. "Nambewe, tandiyang'anako." Ndinaweramitsa mutu, maso pa mawondo anga osupuka, mpaka basi inatuluka pachipata. Kufika kwathu amayi anayang'ana kumbuyo kwanga, kenaka anandilandira kathumba osafunsa kanthu.

Patapita zaka ziwiri azakhali anabwera ndi chikwama cha atate. Chifuwa chija chinawatenga, ndipo anaikidwa konko ku Lusaka, ife osaponyako ndi dothi lomwe. M'chikwamamo munali malaya awiri, tayi ija, ndi nyundo ya chigwiriro chosalala. Azakhali ndi amene anaulula zonse. Fakitale inali itachotsa anthu kalekale ine ndisanapiteko, ndipo atate ankaphwanya miyala ku Misisi. Tayi ankavalira ine. Kubwera kumudzi chimanjamanja ankachita nako manyazi, ndiye Chimutu anali ataupempha kwa eni nyumba n'kumausunga kuti zinthu zikadzakhalako bwino adzauphwanye, zipezeke ndalama za ulendo wawo wobwerera kwawo. Koma sabata imene ija geni ya azakhali inali itagwa, sukulu ikutsegulidwa, ndipo panalibe china chogulitsa. Mwala wonse uja unangokwana tikiti ya mwana mmodzi ndi nsapato.

Ine wa nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti atate anaphwanya mwala pothawa lonjezo, ndipo mwina pang'ono sindinalakwe, chifukwa iwo akanatha kudikira tsiku limodzi kuti ndikwere, koma akanandiuza chiyani nditaima pamwambapo? Ine wa lero, amene ndapitirira kale zaka zimene iwo anafa nazo, ndikudziwa kuti mwala umenewo unali njira yawo yobwerera kwawo, ndipo amene ndinaidzera ndine. Nyundo ija ndili nayo, ili pansi pa bedi. Chimene chimandipweteka si mwala ayi. Pazenera paja anagogoda katatu, ndipo katatu konseko ndinawamva.