Mwenya wakhala pampando wanga ku basiketibo

Lero Lachitatu, teni koloko m'mawa, adzukulu ndawaperekeza kusukulu, ndiye ndakhala pansi ndi foni yakale ya Felesta. Anzanga, polakwika mukonze nokha. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, koma pakamwa mpanga.

A Paterson, bambo wa ku Dowa, ndinakumana nawo kutchalitchi kwathu kuno ku Perth, chaka chomwe migodi inayamba kuchotsa anthu. Iwonso anali atachotsedwa, n'kupeza ntchito yoyendetsa fokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu, ku Kewdale. Akazi awo anamwalira kalekale, monganso amuna anga. Ine kuno ndinabwera kudzalera adzukulu, poti mwana wanga Felesta ndi nesi ku Nedlands, pakhomo sakhalitsa.

Tsiku lina anandifunsa, "A Nankhoma, basiketibo munaionerapo?"

"Mpira wa atsikana uja?"

"Ayi, wa amuna. Ndili ndi mipando iwiri ya sizoni yonse. Winawo umangokhala."

Ndinapita. Phokoso, ng'oma, amuna aatali ngati bulugamu. Sipanapite nthawi ndinali nditayamba kukalipira lefa m'Chichewa, a Paterson akundikoka chitenje kuti ndikhale pansi.

Timu yathu inali ndi khalidwe limodzi. Chaka ndi chaka imafika semifayinolo, n'kutuluka. Manyazi sinkatichititsa, chikhonso sinkatenga. Kaputeni wake, Maclean, anali mdala wa mawondo omangamanga, koma akagwira mpira bwalo lonse limati zii.

Ndiye anthu amakangana. Ena amati achotse madala onse, alembe anyamata, tivutike zaka zingapo, mwina chikho n'kudzabwera. Ena amati tikhale pompa.

A Paterson amati, "Nyumba yosadontha sugwetsa, a Nankhoma. Migodi inatilonjeza zikuluzikulu, taonani lero. Ine zapakatikati zandikwana."

Akatero mtima wanga umati myaa...

Tsoka lake, kumzere wa kutsogolo kwathu kumakhala mayi wina wa ku Lusaka, dzina lake Mwenya. Amagwira muofesi ku Malaga, konkuno ku Perth. Wigi yofika m'chiuno, zikhadabo ngati kabawi, msinkhu kuposa Felesta wanga pang'ono chabe. Mpira uli kutsogolo, iye khosi lili kumbuyo.

"Ba Paterson, iyi timu yasila. Muzankala chabe mu semi mpaka liti? Bachose ba madala bonse, tiyambe fresh."

"Madala akulakwirani chani, mayi?" ndinamufunsa.

"Awe ba mbuya, nikamba vya timu."

Ba mbuya. Amayi ake ndinawabereka ndine?

A Paterson anaseka. Kuseka kumeneko sindinakukonde, mano onse panja mpaka a m'chibwano.

Lamlungu lina masana, atandibweza kunyumba, anazimitsa galimoto pageti.

"A Nankhoma, takula. Bwanji tingokwatirana?"

Anzanga, inu okulira kumudzi mukudziwa. Mkazi waulemu savomera tsiku lomwelo. Umakana, mwamuna abwerenso, ukanenso, kenako atume munthu kwa abale ako. Bambo ake a Felesta ndinawayendetsa mpaka zidendene kung'aluka.

Ndiye ndinayang'ana kumbali, n'kunena motsitsa mawu, "Ayi, ine zimenezo sindinaganizepo."

"Chabwino, ndamva. Pepani."

Ndinalowa m'nyumba ndikudula chitelera. Ndinauza Felesta kuti achape makatani, kubwera alendo.

Makatani anachapidwa, n'kudanso. Sizoni inatha. Maclean anamuchotsa, n'kulemba tianyamata tosamera ndevu. A Paterson kutchalitchi amangondipatsa moni wa abusa, dzanja lozizira.

Ine ndimati bamboyu akusonkhanitsa mphamvu.

Sizoni yatsopano itayamba, foni yanga sinalire. Ndinayatsa TV. Kamera ikuzungulira m'bwalo, ndinaona dazi la a Paterson. Pambali pake, pampando wanga weniweni, wigi.

Lamlungu lotsatira ndinawatsekereza pa tebulo la tiyi.

"Bambo, kodi mkazi amafunsiridwa kamodzi ngati mukufunsa njira?"

"A Nankhoma, munati ayi. Kumgodi anatiphunzitsa, mkazi akati ayi, usabwerezenso. Anzanga ena ntchito inawathera pa zomwezo."

"Ine mumandiona ngati mgodi? Inu munakulira ku Dowa. Ayi woyamba simumudziwa?"

Anaweramitsa mutu, akutakasa tiyi wopanda shuga.

"Ndakhalitsa kuno, mayi. Ndinaganiza kuti mukunena zoona."

"Nanga Maclean? Si inu munkalumbira kuti mdala ameneyu akachoka, inunso mwachoka?"

"Mwenya wandifotokozera bwino. Timu ikamangokhala pakati, anyamata abwino sabwera, madala nawo akukalambabe. Nthawi zina umayenera kugwetsa n'kuyambiranso."

Wandifotokozera bwino. Ine ndinakhala nawo masizoni onse aja, ndikuwatengera zitumbuwa m'chikwama kuzembetsa alonda a pakhomo, sindinawafotokozerepo kanthu?

Tianyamata tawoto tikuluza sabata ndi sabata. Tikaluza ine ndimaomba m'manja ndekha pabalaza. Koma kamera ikawapeza awiriwo, amakhala akuseka. Anthu akuluza, akuseka chani?

Felesta akuti, "Amayi, ingowaimbirani muwauze kuti mukufuna."

Ine ndiimbire mwamuna? Ndi imvi zangazi? Bola ndimeze foniyo.

Ndiye anzanga, nkhaniyi musaisunge. Itumizeni m'magulu anu onse, makamaka a anthu a ku Dowa, mpaka ikafike kwa mlongo wawo wa a Paterson. Ameneyo ndi mayi wa kwathu, ayi wa mkazi amamudziwa. Awauze achimwene ake abwere adzafunsenso msanga, poti ndamva kuti Mwenya wayamba kuyendera maholo a ukwati.

Koma awachenjezeretu. Akabwera, sindivomera tsiku lomwelo.