Pepala la Mpingo ndi Khonde la Atelala

Ndinabadwira ku Kambuzuma, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, koma sukulu ndinakaphunzira kumudzi kwa makolo ku Dedza. Nditabwerera ku Harare, azakhali anandipezera pophunzira ntchito kwa atelala ena okalamba, Msilamu, amene ankasokera pakhonde pawo. Ndi iwo ankasoka mayunifolomu a amayi a mpingo wathu. Ine yanga inali kuika mabatani ndi kusita, ndipo ndinkasamala kwambiri, poti kupatula khonde limenelo ndinalibe kwina kolowera.

Chaka chomwecho akuluakulu a boma ankayenda m'maholo kufunsa zimene anthu akufuna m'malamulo a dziko. Mpingo wathu unalemba pepala lopempha kuti boma lizikidwe pa Chikhristu, ndiponso kuti maudindo aakulu akhale a Akhristu okha. Mkulu wa mpingo anati pepalalo ndikaliwerenge ndine ku holo, chifukwa ana a m'tauni amameza mawu pamene ife a kumudzi tinaphunzitsidwa kuwerenga titaima njo, osadumpha liwu. Azakhali anavomera ndisanatsegule pakamwa.

Sabata yonse ndinkasita mtima uli m'mwamba. Ndinkafuna kuwauza atelala, koma ndikayang'ana kofiya yawo itaweramira makina, ndinkangobwerera ku mabatani anga. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti mwina sadzabwera ku holoko.

Anabwera. Anakhala mzere wachitatu, ndodo ili pamiyendo.

Ndinaimirira n'kuyamba kuwerenga. Mzere wa maudindo uja ndinauona uli patali, ndipo ndikanatha kuudumpha, palibe akanadziwa kupatula mkulu wa mpingo. Koma kusukulu wodumpha mzere ankabwerezetsedwa tsamba lonse, ndipo lilime langa linazolowera. Ndinauwerenga momveka bwino ngati mizere ina yonse. Amayi a mpingo anawomba m'manja, onse atavala zosoka za atelala.

Mayi wina wa boma wolemba maganizo a anthu anandifunsa m'Chishona ngati ndili ndi zanga zowonjezera. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ayi.

Kutacha ndinazungulira mseu wa makombi, maminibasi a kumeneko, kawiri ndisanafike pakhonde. Ndinawapeza akudula nsalu yoyera. Anandiyankha moni monga mwa masiku onse, kenako anati ndimawerenga bwino, aphunzitsi anga sanataye nthawi.

"Koma tandiuza, mwana wanga. Boma lanulo likabwera, mdzukulu wanga akadzafuna udindo, adzayambe wavula kofiya?"

Ndinati sindinalembe ndine, bambo.

"Ndikudziwa. Ndafunsa iwe, osati pepala."

Ndinati sindikufuna kuti adzavule. Mawuwo anatuluka pang'onopang'ono, moti makina akanakhala akulira sakanawamva. Anagwedeza mutu, n'kundikankhira mulu wa mabulauzi a amayi a mpingo kuti ndiike mabatani Lamulungu lisanafike.

Ntchito sinandithere. Koma tsiku lonselo singano inkandibaya zala, chifukwa ndinkaganiza za m'holo muja, pamene mayi wa boma uja anandifunsa maganizo anga pamaso pa anthu ine n'kunena kuti ndilibe mawu.