Chilonda cha Pamsongolo

Fungo la mtedza wouma pathandala limandikumbutsa mwendo wanga wamanzere. Chaka chimenecho ndinali kamtsikana ka m'mudzi wina kuseri kwa Katete, ndipo anali atandisankha kuti ndikasenze lichero la mtedza pamzere wa atsikana ku mwambo wa Kulamba, ku Mkaika. Amayi anali atagula kale chitenje, n'kuchibisa pansi m'sutukesi. Ndiye tsiku lina tikuzula mitengo ya thonje, chitsa chinanding'amba pamsongolo.

Kanali kabala kakang'ono. Chimene chinakakulitsa ndi ulemu. Kwathu munthu akabwera kudzazonda wodwala atatenga mankhwala, sumukanira, chifukwa kukana n'chimodzimodzi kumunena kuti ndi mfiti. Amayi ankaopa zimenezi kuposa chilondacho. Anabanda a pafupi nafe anabwera ndi mwaye wa kudenga la khitchini. Amalume anaswa batire la wailesi n'kupera zakuda zam'kati zija. Mayi wina wa kumpingo anafinyirapo fodya. Aliyense ankayamba wakanganula nkhanambo kuti mankhwala ake alowe, kenako n'kundisisita mutu akumwetulira. Amayi ankawomba m'manja kuthokoza, ine ndikuluma nsalu.

Mphepo ya mu Julaye inandipeza ndili pakhonde, ndikuingitsa ntchentche ndi nthambi ya mango. Chilonda chinali chitakula ngati pakamwa pa kapu, chikununkha ngati nyemba zogona. Madzulo ndinkamva anzanga akuyeserera nyimbo kubwalo, ndipo ndinamva kuti lichero langa akufuna kupatsa Tisa, mwana wa Anabanda omwe aja. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuyang'ana manja a munthu ndisanayang'ane nkhope yake.

Kenako kunabwera azakhali a ku Vubwi, mlongo wa atate, munthu wosaseka wamba. Anawiritsa madzi, anathiramo mchere pang'ono, n'kutsuka mpaka zakuda zonse zitachoka. Anamanga ndi kansalu kowiritsa. Mawa lake Anabanda atafika ndi kachitini, azakhali anakalandira ndi manja awiri.

"Zikomo amayi, tipaka dzuwa likalowa," anatero. Mlendo atangopota nkhokwe, anakataya kudzala.

Kwa ine anangoti, "Iwe, mnofu umaitanizana. Wa uku ukuitana wa uko. Mukamausokosera tsiku ndi tsiku, umvana bwanji?"

Ine ndinazitenga momwemo. Ndinkapinda mwendo n'kuika khutu pabondo kuti ndimve timawu take. Sindinamve kanthu, koma azakhali akamasula nsalu ndinkaona. Mafinya anatha. Pansi panamera mnofu wofiira wa timibulu, ngati m'kati mwa gwafa. Kenako m'mphepete munayamba kakhungu kotuwa, kopyapyala, kakukwawira pakati kuchokera mbali zonse. Pankayabwa koopsa, ndipo ndikati ndikande azakhali ankandimenya dzanja osayang'ana n'komwe.

Lole ya ku Mkaika inabwera chilonda chitatsala ngati chikhadabo. Azakhali anati fumbi la kumeneko lingachitsegulenso, ndipo atate anavomereza. Lichero anasenza Tisa. Ndinaima pachulu kuonerera fumbi la lole mpaka linazimirira, chitenje chija chili m'sutukesi. Pamene anzanga ankabwerako atasasa mawu ndi nyimbo, khungu linali litakumana.

Mdzukulu wanga amene akuphunzira unamwino ku Chipata anaona chipseracho tsiku lina ndikusamba mapazi. Anandiuza kuti m'thupi muli tinthu tosaoneka ndi maso, maselo, timene timatumizirana uthenga ndi timadzi tawo. Oyamba amatseka magazi n'kuitana otsuka. Otsuka akamaliza amaitana omanga mnofu, ndipo a khungu amakwawa kuchokera m'mphepete, akagundana pakati n'kuuzana kuti basi. Akuti ukamakanganula ndi kuthira zowotcha, otsuka aja sachoka, ndiye omanga sayamba. Ndinamufunsa kuti anaziona ndi maso ake kapena anangomuuza. Anaseka.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti mumwendo mwanga muli tianthu tonong'onezana, ndipo zikuoneka kuti sindinaphonye kwenikweni. Lero zidzukulu zikadzicheka, aneba amabwerabe ndi timabotolo. Ndimalandira ndi manja awiri, n'kudikira apote nyumba. Chipseracho chikadalipo, chosalala, chosamera bweya ngakhale kutuluka thukuta, ndipo mu Ogasiti malole akamadutsa kulowera ku Mkaika ndimapezeka ndikuchisisita.