Tsitsi la mzungu wa ku Oakville

Mwaswera bwanji nonse.

Mukumudziwa mdala wachizungu amene ndimamusamalira ku Oakville, uja anasiya kulankhula chaka chatha. Masanawa mwana wake wamkazi wamuikira filimu ya chikondwerero chachikulu cha nyimbo cha kalekale. Anthu mbwee m'matope, opanda nsapato, amuna tsitsi mpaka m'mapewa. Akuti mdalayu anali mmodzi wa iwo, kenako anayendayenda mu Africa.

Titatsala awiri, wagwira tsitsi lake, wandiyang'anitsitsa, n'kunena m'Chichewa chomveka bwino: "Bwana, musandimete."

Sindinamulankhulepo Chichewa n'kamodzi komwe.

Kenako wandigwira dzanja lamanzere, n'kumasisita chala chachikulu ngati akufunafuna chipsera. Ine ndilibe chipsera pamenepo. Anali nacho ndi malemu bambo, ndipo nonse mumati nkhope yawo ndinatenga ndine. Paja nthawi imene boma linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, iwo ndi amene ankameta azungu oterewa pa boda ya Mwanza.

Mdalayu wandifunsanso monong'ona: "Munaliika kuti?"

Amalume, thumba la tsitsi lija bambo ankasunga kudenga, limene ankatiletsa kukhudza, linawotchedwa kapena likadali komweko?

Mwana wake pobwera wamupeza ali chete ngati kale. Wangondiuza kuti tsitsi la adadi lakula, ndiwamete mawa, n'kundisiyira sizasi patebulo.

Abale, ndimumete?