Mapiritsi a pa Sikelo

Kampani itanditumiza ku Blantyre kukachita digiri yachiwiri ya matenda opatsirana ndi umoyo wa anthu, ndinkayenda ngati mapazi sakugunda pansi. Ndinali nditagwira unesi zaka zambiri pakiliniki ya esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo, kumanga mabala a zikwanje ndi kugawa panado, ndipo ndinkaona kuti tsopano mutu wanga upeza ntchito. Maphunzirowo anali oti umapita milungu ingapo, n'kubwerera kuntchito, kenaka n'kupitanso. Abwana oyang'anira antchito, amene anavomereza kuti ndipite, sankalola mlendo kudutsa osamuuza kuti nesi wathu tikumuphunzitsa. Ankanena ngati akuloza thirakitala yatsopano, koma ine sindinkadandaula nazo.

Mwa zonse zimene ndinaphunzira, chimodzi chinandikhala kumtima. Wodwala chifuwa chachikulu amamwa mapiritsi miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Akasiyira panjira, matenda atha kubwerera ali ouma mutu, osamvanso mankhwala aja. N'chifukwa chake pamafunika munthu womuona akumeza tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi wathu, mayi wamfupi wosaseka wamba, ankabwereza mpaka kutitopetsa kuti munthu ameneyo amasankha ndi wodwala mwini wake. Tinkamuyeserera kumbali pa nthawi yopuma, mawu ake ndi kaloza kake komwe.

Chaka chimenecho mvula itayamba, tiyi ataphuka, kampani inalemba a sizoni monga mwa nthawi zonse. Amenewa ndi anthu olembedwa masamba akachuluka n'kuchotsedwa akachepa, ndipo zoti chaka chamawa akuitanenso zimadalira pakamwa pa kapitawo wa gulu lako. Mmodzi mwa iwo anali mayi wamasiye wa ku Khwethemule, wa ana awiri. Anabwera kukiliniki atabisa chifuwa mpaka kubisako kutakanika. Makhololo awo titatumiza kuchipatala cha boma, yankho linabwera loti ndi chifuwa chachikulu.

Ndinawalowetsa m'kachipinda ka kumbuyo n'kutseka chitseko. Ndinawauza kuti matendawa amachizika, kuti akamwa mankhwala milungu yochepa sadzapatsiranso munthu, ndiponso kuti mphamvu zikabwerera adzathyola tiyi ngati kale. Kenaka ndinafunsa funso limene ndinaphunzitsidwa lija.

"Mayi, mukufuna ndani azikuonani mukamamwa?"

Anandiyang'ana ngati ndikuwaseka. "Ndisankhe ineyo, asisita?"

"Inuyo. Thupi ndi lanu."

Anapotokola nsonga ya chitenje. "Achemwali anga aakulu basi. Ndikukhalira kwawo komweko kumalaini a antchito, amuna awo ali kufakitale. Amene aja pakamwa pawo m'potseka. Koma akapitawo asamve, chonde. Akangomva, sizoni ya mawa dzina langa sililowa, nanga anawa adzadya chani?"

Ndinawatsimikizira kuti sadzamva. Mawa lake achemwali aja anabwera, mayi wojintcha wa mawu ochepa, ndipo ndinawaonetsa kamwedwe kake n'kuwapatsa mapiritsi oyamba. Zinayenda bwino lomwe. Odwala anga anapuma kanthawi, kutentha thupi kunasiya, masaya anayamba kubwerera. Atabwerera kumunda ndinkawaona nthawi zina ndikamadutsa, dengu kumsana, manja akuthamanga pamwamba pa tiyi. Sitinkapatsana moni wautali, kuopa maso a anthu.

Pamsonkhano wa akuluakulu a esiteti, abwana aja anandipempha kuti ndiwauze zimene ndikuphunzira, poti amafuna anzawo aone kuti sukulu ija sikupita pachabe. Ndinafotokoza za womuona wodwala akumeza, osatchula munthu aliyense. Ndikulankhula choncho ndinaona maso awo akuwala, ndipo mtima wanga unati myuu, chifukwa maso amenewo ndinkawadziwa.

"Ndiye kuti chifuwa chimodzi chikutidyera anthu awiri," anatero. "Wodwala ndi womuonayo, onse kukiliniki kukatenga mankhwala nthawi ya ntchito. Ngati nkhani ndi yowaona akumeza, ndani amaona wantchito m'mawa uliwonse kuposa kapitawo?"

"Bwana, womuonayo amasankha ndi wodwala. Komanso matenda a munthu ndi chinsinsi chake."

"Asisita, za m'buku n'za m'buku. Kuno tili ndi tiyi, ndipo tiyi sadikira munthu."

Anthu anaseka mmene amasekera bwana akanena chinthu, kaya n'choseketsa kaya ayi. Ndinakana kachiwiri, momveka bwino, ndipo abwana anadutsa n'kuyamba za feteleza. Ndinatuluka ndikuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Patangopita masiku ochepa ndinanyamuka kukalemba mayeso ku Blantyre.

Nditabwerako ndinapeza kabati ya mankhwala a chifuwa ili mbee. Mkulu wa kiliniki yathu, bambo wachikulire amene anali atatsala pang'ono kupuma pantchito, sanathe kundiyang'ana kumaso. Anati lamulo linabwera ine nditangochoka, ndipo mapiritsi onse anaperekedwa kwa makapitawo, aliyense ndi mayina a odwala a m'gulu lake. Ngakhale amene anali kale kwa achemwali aja anakatengedwa.

"Mwanangu, nyumba ya mwini saotchera mbewa," anatero. Ndinawayankha kuti mbewa zake ndi anthu.

M'mawa mwake ndinalawirira kushedi ya sikelo, kumene gulu limasonkhana lisanalowe m'munda ndi kumene masamba amayezedwa. Kunali kakhungu, anthu atamanga mapulasitiki m'chiuno poopa mame, madengu ali pansi. Kapitawo wa gulu la mayi aja anaima pakati, jumbo ya mapiritsi m'manja, chidebe cha madzi pambali. Ndinamva akukuwa ndisanafike.

"A chifuwa, kutsogolo!"

Ndinaona mayi aja akutuluka m'gulu, mutu uli pansi, anthu akupatuka mbali iyi ndi iyo ngati pakudutsa njoka. Kapitawo anawapatsa madzi m'kapu yomangidwa kansalu kofiira kuchigwiriro kuti wina asaigwiritse. Atameza, kapitawo anawauza kuti ayasamule, n'kusuzumira m'kamwa pamaso pa gulu lonse. Atandiona anamwetulira mpaka mano onse panja.

"Asisita, mwadzaona ntchito yathu? Madokotala tsopano ndife. Palibe akuthawa, ndikumawaona mpaka kulilime."

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'choti bamboyo sanali woipa mtima. Anapatsidwa ntchito n'kuigwira ndi mtima wonse, mmene amagwirira yoona ngati munthu wathyola masamba awiri ndi kansonga. Mwa nzeru zake anawonjezanso kuti a chifuwa aziyezetsa masamba pomalizira, ndipo nthawi ya chakudya azikhala paokha. Palibe anamuuza kuti chifuwachi sichiyenda m'kapu, kapena kuti mayi amene akuwapatulawo anasiya kalekale kupatsira munthu. Kumbuyo kwanga ndinamva amayi awiri akunong'onezana kuti chifuwa chotere sichiyenda chokha, chimabwera ndi kachilombo. Mayi aja ananyamula dengu lawo n'kulowa m'munda osandiyang'ana.

Ndinalowa muofesi ya abwana osagogoda. Ndinawauza kuti zimene achita n'zankhanza, kuti aulula matenda a anthu pagulu, ndipo mapeto ake odwala athawa mankhwala. Ukali wanga sindinaubise.

"Si inu nomwe munatiuza kuti azimwa pamaso pa munthu?" anandifunsa akusewera ndi cholembera. "Kapitawo si munthu?"

"Ndinati munthu amene wodwala wasankha."

"Wa sizoni asankhe? Asisita, sukuluyi isakukwereni kumutu. Musaiwale amene anakutumizaniko."

Pamenepo ndinazindikira kuti pa zonse zimene ndinanena pamsonkhano paja, iwo anatolapo chidutswa chowakomera, chinacho n'kuchitaya ngati masamba okhwima. Ankafuna nesi wophunzira woonetsa alendo, osati woti awauze kuti ayi. Sindinapemphenso chilolezo. Ndinayenda shedi ndi shedi kulanda majumbo aja m'manja mwa makapitawo, n'kuuza aliyense kuti ngati akufuna kukandinenera apite. Anakandinenera ndithu, koma abwana sanalimbanenso nazo, chifukwa makapitawo ena anali atayamba kale kudandaula kuti kumwetsa anthu kukuchedwetsa ntchito. Lamulo lija linafa choncho, osati chifukwa cha odwala.

Madzulo ndinapita kumalaini kukabwezera mapiritsi kwa achemwali aja. Ndinawapeza pakhonde, maso ali ofiira.

"Apita, asisita. Angoweruka, kumanga katundu, kukwera kabaza. Amuna anga akuwanena kufakitale kuti akusunga matenda m'nyumba, ndiye dzulo analankhula mawu. Mng'ono wanga sangapirire zimenezo."

"Mankhwala atenga?"

"Akanawatenga kwa ndani? Akanapita kukapempha kwa akapitawo?"

Loweruka lotsatira tinakwera njinga yamoto ndi achemwaliwo mpaka ku Khwethemule, mapiritsi ali m'chikwama changa. Tinapeza nyumba yotseka. Oyandikana nawo anati atenga ana n'kupita kwa abale a malemu amuna awo kutsidya, ku Mozambiki, poti mbiri ya chifuwa inali itafika kumudzi iwo asanafike. A sizoni amachokera m'midzi yomweyo, ndipo nkhani ya pa sikelo sigona panjira. Ndinasiya uthenga kwa aliyense amene ndinamuona, koma sipanabwere yankho.

Miyezi yotsatirayo kukiliniki kunasiya kubwera anthu okhosomola. Ndikamadutsa m'minda ndinkamva chifuwa pakati pa tiyi, koma akangoona yunifolomu yoyera chinkazima. Kugolosale ya kumalaini maswiti a chifuwa ankatha msanga kuposa sopo. Ndinayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti za pa sikelo zinatha, koma wolumidwa ndi njoka amaopa ndi chingwe chomwe. Pamsonkhano wina abwana aja anandiyamikira pamaso pa anzawo kuti chiyambireni sukulu yanga, odwala chifuwa achepa pa esiteti. Anzawowo anaomba m'manja. Ndinaimirira n'kuwauza kuti odwala sanachepe, angophunzira kukhosomolera m'chitenje, ndipo msonkhano unapitirira ndi nkhani ya nkhuni za kufakitale.

Nthawi ya chiperoni, achemwali aja anabwera kudzandiuza kuti mng'ono wawo wabwerera kumudzi. Tinapitanso. Tinawapeza atagona pamphasa kuseri kwa nyumba, akusaka kadzuwa, thupi litatha moti ndinawazindikira ndi manja okha. Mwana wamng'ono anakhala pambali pawo, nayenso akukhosomola chifuwa chomwe ndinachidziwa ndisanamugwire. Mayiwo anandipatsa moni mwaulemu wonse, n'kuuza wamkuluyo kuti anditengere mpando.

Ndinawapempha kuti tipite kuchipatala cha boma tsiku lomwelo, iwo ndi mwana. Ndinawauza zoona, kuti mwina ulendo uno mankhwala akhala ena ndipo atenga nthawi yaitali. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Tipita, chifukwa cha kamwanaka," anatero. Anapuma kaye kuti mpweya ubwerere. "Koma asisita, ndifunse nawo. Tsiku lija munatseka chitseko, munandifunsa kuti ndisankhe ndani. Ndinasankha. Nanga munandifunsiranji?"

Ndinayamba kufotokoza za mayeso, za abwana, za lamulo lobwera ine kulibe. Zonsezo zinali zoona, koma ndinasiyira pakati, chifukwa kwa iwo esiteti inali imodzi, ndipo ine ndinali nditavala yunifolomu yake. Tinawakweza galimoto ya matola masana omwewo. Mwana uja anachira. Mayi ake matenda anali atawadya kwambiri, ndipo anamwalira kuchipatala mvula isanabwerenso.

Digiri ija ndinailandira. Kampani inapempha chithunzi changa nditavala mkanjo, ndipo chili pakhoma muofesi ya abwana, pamwamba pa mpando wa alendo. Ndikalowamo ndimakhala chofulatira.

Mvula itagwanso, a sizoni atalembedwa, kapitawo uja anabwera kukiliniki m'mawa wina, chipewa chili m'manja. Anadikira pabenchi mpaka nditamaliza odwala onse.

"Asisita, mayi aja a ku Khwethemule sindikuwaona chaka chino. Ndawafunsa kwa anzawo, akungoyang'ana pansi. Malo ndawasungira m'gulu langa. Dzanja ngati lija silipezeka wamba."

Ndisanayankhe anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kajumbo komangidwa bwinobwino ndi mphira. Anati tsiku limene ndinalanda majumbo lija, mapiritsi otsala a mayiwo anali atawapatula n'kuwasiya kunyumba kwake, poti iwo anali atatsala pang'ono kumaliza ndipo sanafune kuti asokonezeke ndi a ena.

"Ndinawaika m'sutikesi kuti asanyowe," anatero, akuika kajumboko patebulo panga. "Muone nokha, silinasowe ngakhale limodzi. Akabwera muwapatse amalize."