Kamtengo ka Mango pa Dzala la Esiteti

Mayi Fainala sadziwa kukhala pansi. Anabwera ku Kasungu kuchokera ku Phalombe ali mtsikana, kudzalima fodya ngati tenanti. Chaka chilichonse fodya akangogulitsidwa, ankamanga katundu n'kusamukira ku esiteti ina. N'chifukwa chake sanabzalepo mtengo. Zipatso zake akanadya ndani?

Esiteti yomaliza, ya kufupi ndi Chamama, itatsekedwa, anzawo anabwerera kwawo. Iwo anatsala, n'kuyamba kufukula dzala lakale kuseri kwa zigafa, komwe mbuzi zinkafa chifukwa chodya mapulasitiki. Ankakumba ndi khasu n'kusefa dothi pa waya. Misomali ndi zidutswa za malata ankagulitsa kwa Lameki, wogula zitsulo. Dothi lakuda, la zinyalala za fodya zowola, ankapatsa olima madimba. Mabotolo a mankhwala a fodya ankawaboola ndi msomali, chifukwa anapezapo mayi wina akusungiramo mchere.

"Mukamaliza pano mupita kuti, mayi?" Lameki anawafunsa tsiku lina.

"Ndamva kuti ku Simlemba kuli dzala lina," anayankha osasiya kukumba.

Dzala litatha, pakati pake panatsala kamtengo ka mango kamene kanamera kokha. Anakatchingira ndi waya wosefera uja kuti mbuzi zisakadye, kenako anamanga katundu wawo.

Miyezi yapita, mtolowo udakali pakhomo osamasula. M'mawa uliwonse Mayi Fainala amanyamula ndowa kukathirira kamtengoko, njira yonse akukalipa kuti kakuwachedwetsa ulendo.